Giles Wachiwiri

Azakhali anga a Verna anali atasankha kale pogona pawo pomaliza: kumanda a banja la Tillery kuno ku Virginia, pafupi ndi mwala wa Ambrose Tillery, Mngelezi amene anatsika chombo mu 1635. Koma komiti ya mandawo siika munthu chifukwa cha dzina lokha. Imafuna mapepala osonyeza kuti uyu anabala uyu, mpaka kukafika kwa Ambrose mwini wake. Azakhali anatolera mapepalawo kwa zaka makumi anayi, n'kutsala limodzi lokha, la Giles, mwana wa Ambrose. Madokotala atanena kuti masiku awo atsala ochepa, ntchitoyo inagwera ine.

"Loretta, usakachedwe ndi macheza ako aja," anatero ali gone pabedi. "Ine sindifika Khirisimasi."

"Inu kufa? Mudzatiika tonse, azakhali."

"Choka apa, wabodza iwe."

Kosungira mabuku akale a khoti, mayi wina wamagalasi anandipatsa buku lonunkha chinyezi. Zolemba za anthu akale aja zili ngati popalasa nkhuku. Ndinatsata ndi chala mpaka ndinapeza ubatizo wa Giles, ndipo ndinatsala pang'ono kululutira. Nditatembenuza tsamba, ndinaonanso dzina lomwelo. Giles yemweyo anaikidwa m'manda mu 1641, ali ndi zaka ziwiri.

"Musataye mtima, amayi," anatero wamagalasi uja. "Kale mwana akamwalira, dzina ankalipatsa wotsatira wake. Funani Giles wachiwiri."

Ndinafuna mpaka dzuwa kupendeka, osalawa kanthu. Ndinamupeza m'kalata yogawira chuma imene Ambrose analemba atatsala pang'ono kufa. Inati popeza Mulungu sanamusiyire mwana, ng'ombe yake yofiira ikhale ya Giles, wantchito amene anamutumikira zaka zisanu ndi ziwiri, yemwe anthu anazolowera kumutchula ndi dzina la bwana wake.

Ndisaname, satana anandinong'oneza. Ndikanangopereka pepala la ubatizo lija n'kukhala chete, pakuti a komiti aja akaona chidindo maso amatseka. Ndinajambulitsa mapepala awiri, la ubatizo ndi la chuma, n'kubwerera nawo kwa azakhali. Ndimawaopa azakhali, koma ndinkaopa kwambiri kuwapha ndi pepala.

"Wapeza?" anafunsa ndisanakhale n'komwe.

Ndinawapatsa la ubatizo.

"Nanga linalo ukulikhalira bwanji? Ndikudwala chiwindi, osati maso. Bwera nalo."

Anawerenga ndi galasi lawo lokulitsa zilembo, milomo ikuyenda, n'kubwerezanso kuyambira pamwamba.

"Ndiye kuti tinachokera kwa wantchitoyu?"

"Inde, azakhali."

"Antchito ankawaika kuti?"

"Kunja kwa mpanda, cha kumsewu."

"Pali miyala?"

"Palibe. Ndi kapinga basi."

"Paja timaimika galimoto tikamakaika maluwa kwa Ambrose paja?"

"Pomwepo."

Anatembenukira kukhoma, mapewa akunjenjemera, ndipo ndinasowa pogwira. Kenako anayankhula osacheuka.

"Ukawauze a komiti asavutike nane. Ndipo iwe, chigalimoto chakocho usakachiimikenso pamutu pa agogo ako."