Kudzera mwa Inu, a Wapampando

Kwathu ku Ashbeck Cross, pa msonkhano wa khonsolo ya mudzi, munthu sayankhula ndi mnzake maso ndi maso. Ngakhale amene ukumunenayo akhale pafupi mpaka zigongono kugundana, umayang'ana kutsogolo n'kuyamba ndi mawu akuti, "Kudzera mwa inu, a Wapampando." Akuti makolo anakonza zimenezi kuti anthu asamagendane ndi mipando. Chabwino. Koma sanaganize kuti kudzabadwa munthu ngati Denzil Crowther.

Crowther anali khansala. Anachokera ku mzinda wa Leeds atapuma pa ntchito yogulitsa magalimoto, n'kugula chinyumba pafupi ndi bwalo lamasewero. Nkhani yonse inayambira pa bini lotayamo manyi a agalu, limene linali pafupi ndi geti lake. Iye ankafuna lichoke, khonsolo inavota kuti likhale pomwepo poti m'pamene oyendetsa agalu amadutsa. Mlembi wa khonsolo, Mayi Hazel Tordoff, savota n'komwe. Yawo n'kulemba zimene anthu agwirizana, kuitanitsa misonkhano, kumata zidziwitso pabolodi ndi kuuza wotchetcha udzu tsiku lopita kumanda. Koma Crowther anaona kuti makhansala anzake ndi alimi a manja okakala, pomwe mlembi ndi mayi wamasiye wa mawu apansipansi. Anasankha pofewa.

Kuyambira pamenepo msonkhano uliwonse unali wake. Kudzera mwa wapampando ankafunsa ngati mlembi anapondako kusukulu. Kudzera mwa wapampando ankapempha kuti mlembi akapimitse makutu. Ankawaimbira foni ali pachakudya, ankawadikirira pakhomo pa sitolo. Nanga ife a kuno, kaya ulemuwu anachita kutilodza nawo! Makhansala ankangosuzumira m'makapu mwawo ngati mwagwera ntchentche, ndipo msonkhano ukatha ankanong'onezana kuti Denzil lero anaonjeza pang'ono. Pang'ono pomwe, mlembi atatuluka muholo osatsanzika ndi munthu yemwe.

Wapampando anali Bambo Alec Metcalfe, amene anagulitsa nyama m'mudzimo moyo wawo wonse, chimunthu choti pa unyamata wake chinkanyamula theka la ng'ombe paphewa. Koma mkangano ankauopa ngati njoka. Crowther akamaliza kulavula zakezo, iwo yankho lawo linali limodzi: kuthokoza, kunena kuti tamva, n'kupempha kuti tipitirire. Chowawa n'chakuti ndi iwo omwe anachonderera Mayi Tordoff kuti atenge ntchitoyi amuna awo a Ted atangomwalira. Anati iwathandiza kutuluka m'nyumba, ndipo chikavuta chilichonse iwo alipo.

Tsiku la msonkhano wa mu Juni, Mayi Tordoff anawapeza a Metcalfe m'kadimba kawo akumangirira nyemba kumitengo. Sanapereke ndi moni yemwe. Anafotokoza kuti dzulo lake Crowther anawakalipira pamzere ku positi, anthu onse akumva, ndipo palibe amene anatsokomola n'komwe.

"Alec, lero akayambanso inu n'kukhala chete, ndikusiyirani makiyi. Sindikuopsezani. Ndatopa."

A Metcalfe analonjeza, mpaka kuika dzanja pachifuwa. Akazi awo a Joan, amene ankamvetsera ali pazenera la kukhitchini, anadikira mlendo apite n'kuwauza amuna awo kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo ngati mpandowo ukuwawotcha ausiyire ena. A Metcalfe anangopitiriza kumangirira nyemba. Chochita ankachidziwa kalekale, panalibe chachilendo: wapampando amamuletsa munthu wosokoneza, akapanda kumva amapempha khonsolo kuti ivote asamvekenso pa msonkhanowo, basi yatha. Masana onse anakhalira kuyeserera mawuwo kwa nyemba zawo, ndipo nyemba zinkamvera bwino kwambiri.

Madzulo muholo munkanunkhira polishi ndi tiyi. Kunkatentha, mazenera onse anali otsekula. Nkhani zoyamba zinadutsa bwinobwino, a Metcalfe mpaka anayamba kuganiza kuti mwina lero chilombo chagona. Kenaka inafika nkhani ya udzu wa kumanda, umene unali utakula chifukwa makina a wotchetcha anafa. Crowther anakweza chala. A Metcalfe, mwa chizolowezi, anagwedeza mutu.

"Kudzera mwa inu, a Wapampando, tawafunsani amayiwa ngati udzu wa kumandawo akusungira nkhosa. Amuna awo omwe agona momwemo, udzu mpaka m'chiuno. Munthu wolephera kusamala manda a mwamuna wake, mudzi wonse autha bwanji?"

Wina anasiya bisiketi ili theka kukamwa. A Metcalfe anakumbukira a Ted, mnzawo wa paubwana, amene bokosi lawo ananyamula nawo. Mawu a masana aja anafika pakhosi onse, okonzeka. Anatsekula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi ichi:

"Zikomo a Crowther, tamva. Tiyeni ti..."

Ha, munthu wamkulu ndi ndevu zake! Sanamalize n'komwe, poti anadzimva okha. Mayi Tordoff anavundikira cholembera chawo pang'onopang'ono n'kuimirira. Iwo sanamuyang'ane Crowther. Anayang'ana kutsogolo monga mwa mwambo.

"Kudzera mwa inu, a Wapampando, poti zonse zimadzera mwa inu. Muholo muno bambo awa sanandinyozepo okha ngakhale kamodzi. Chilichonse amakupatsani inu, inu n'kundipatsira ine, n'kuthokozanso. Lero mwathokozera za Ted."

Anatulutsa makiyi m'chikwama, a holo ndi a bolodi la zidziwitso, n'kuwaika pafupi ndi kapu ya a Metcalfe mosaponya. Anatenga juzi lawo pampando n'kutuluka. Chitseko anatseka bwinobwino.

Crowther anaseka kachiseko ka m'mphuno, n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna womuthandiza kuseka. Anakwezanso chala chija.

"Kudzera mwa inu, a Wapa..."

Chibakera cha a Metcalfe chinatera patebulo, makapu onse n'kudumpha, tiyi n'kukhuthukira pamapepala. Anaimirira, mpando n'kugwa chagada kumbuyo kwawo.

"Mwa ine simudutsanso kanthu, Denzil. Khalani pansi, mutseke pakamwa panupo."

Anapempha khonsolo kuti ivote munthuyu asamvekenso. Manja anakwera onse nthawi imodzi, msangamsanga, manja omwe aja amene zaka zonsezi ankangofungatira makapu. Wina mpaka anakweza awiri, wopanda manyazi. Crowther anafiira ngati nyama yaiwisi, anang'ung'udza zoti akadandaula ku boma, anayang'ana kukhomo, anayang'ana chibakera chija chidakali patebulo, kenaka anakhala pansi n'kupinda manja ngati mwana wa sukulu. Chilombo chimene chinazunza mudzi wonse chinathera pomwepo.

A Metcalfe anadabwa okha. Kani n'zophweka chonchi? M'kati ankamva kukoma kumene anali asanakumvepo chisiyireni butchala. Anatola makiyi aja n'kuthamangira panja, mawondo akulira.

Dzuwa linali lisanalowe. Mayi Tordoff anali pansi pa zenera la holo, akumasula njinga yawo pampanda. A Metcalfe anafika ali wefuwefu, nkhope yonse ikumwetulira, makiyi atawatambasulira kutsogolo. Anawafunsa ngati amva. Anafotokoza kuti zatha, munthu uja wakhala pansi, manja anakwera onse, sadzayerekezanso, ndiye abwerere akamalize msonkhano poti mpando wawo ukuwadikira.

Mayi Tordoff anamangirira chikwama kumbuyo kwa njinga, n'kukoka lamba mpaka kuthina. Ndipo anawayang'ana. M'maso mwawo munalibe misozi, munali ukali wokhawokha, umene a Metcalfe anali asanauonepo pa nkhope imeneyo.

"Ndamva zonse. Sizinakutengereni nthawi ngakhale yopumira kawiri."

A Metcalfe anavomera ndi mutu, akumwetulirabe, osadziwa kumene nkhani ikulowera.

"Zaka zonsezi ndinkadzitonthoza kuti simungathe, Alec. Ndinkafika kunyumba n'kumakumverani chisoni inuyo, ndinkati munthu wa Mulungu anabadwa choncho, asamuumirize. Kani mumatha."

Anakankha njinga n'kukwera. A Metcalfe anaitana dzina lawo kawiri, koma iwo sanacheuke. Anatsetsereka ndi msewu wa kutchalitchi, n'kukhotera kumanda.

A Metcalfe anatsala ataima pamiyala, makiyi ali m'manja. Pazenera panasuzumira mutu wa khansala wina, amene anafunsa mwaulemu kwambiri, kudzera mwa iwo, kuti nanga tsopano alembe ndani.