Msewu wa Konkire Wopita kwa Jolene

Galimoto inadumphanso, ndipo a Marlys analuma mlomo osatulutsa mawu. Amuna awo, a Orval, anawaona cham'mbali, koma anapitiriza kuyang'ana kutsogolo.

Msewuwo unali wa konkire, woyera, wowongoka ngati chingwe pakati pa minda ya chimanga yokololedwa kale. Konkire amaithira zigawozigawo, ndipo paliponse pamene zigawozo zakumana, matayala ankagunda, didi, didi. Kalavani imene ankakoka inkayankha mochedwa. Pikiapu ikatsika, iyo inkakwera, n'kuikoka kumbuyo, n'kuikankhanso, ngati ng'ombe ziwiri zodana zomangidwa pa goli limodzi.

"Bambo a Jolene, munati tikwera galimoto. Za bulu simunanene," anatero a Marlys.

"Zisintha tikalowa mu Missouri."

"Munanenanso choncho titangotuluka pageti. Chikomekome cha mkuyu, msewu wanuwu."

Famu yawo ya ku Iowa anali ataigulitsa mwezi wapitawo, ndipo kalavaniyo ndiyo inali nyumba yawo tsopano. Khansa inali italowa m'mafupa a msana wa a Marlys. Dokotala anangowauza kuti ngati akufuna kukaona mwana wawo Jolene, yemwe anali woyembekezera ku Texas, anyamuke chisanu chisanagwe. Sanawonjezere china, iwonso sanafunse.

A Orval anayesa kuthamanga. Kalavani inayamba kuvina. Anayesa kuyenda pang'onopang'ono, ndipo mpata uliwonse wa konkire unamveka paokha, wonse wathunthu. Malole aakulu ankawadutsa akuliza hutala. Thukuta linatsika pakhosi pa a Marlys ngakhale kunja kunali mphepo yozizira.

"Kodi mwaikamo chiyani kumbuyoko, miyala?"

"Madzi," anatero a Orval. "Ndadzaza thanki yonse. Ndi a pachitsime chathu."

"Thanki ili kumchira kwenikweni ija?"

"Inu mumati madzi a m'tauni amanunkha mankhwala. Ndinati muzikamwako a kwanu."

A Marlys anatseka maso. "Nkhalamba yopusa inu," ananena motsitsa, akugwira bondo la amuna awo. "Katayeni."

Anaima pambali pa msewu. A Orval anagwada pansi pa kalavani, mawondo akulira, n'kutsegula mpopi. Madzi anayenderera pamiyala, nalowa mu udzu wouma. Chitsime chimenecho anachikumba ndi bambo awo ali mnyamata, ndipo tsopano chinali cha anthu ena. Anadikira mpaka dontho lomaliza.

Zinathandiza pang'ono pokha. Atadutsa tauni ina, msewu unaipiratu, zigawo zake zitapendekeka ndi chisanu cha zaka zambiri. Pikiapu inagunda kamodzi mwamphamvu, kalavani n'kubwezera, ndipo a Marlys analira mokweza. Chidwalireni anali asanalirepo pamaso pa amuna awo.

"Imani. Mwendo wamanzerewu sindikuumva."

Malo omwetsera mafuta oyandikira anali aang'ono, a mapampu awiri ndi shedi yamalata. Mwini wake, bambo wonenepa dzina lake Merle, anatuluka akupukuta manja, nayang'ana kalavani.

"Achimwene, mwanyamula mudzi wonse? Wakusambitsani msewuwu eti? Ine mano anga oikirira ndimawaika m'thumba ndikamaudutsa."

Kenako anaona nkhope ya a Marlys pawindo, ndipo nthabwala inathera pomwepo.

"Konkire imeneyi ikuthera kuti?" anafunsa a Orval.

"Lero simuimaliza. Pali njira yakale yaphula, koma ndi yokhotakhota, yamaenje. Ndi chinyumba chimenechi mayiwa avutika kuposa apa."

A Orval anazungulira kalavani. Anagogoda matayala, anagwedeza maunyolo, anayang'ana chitsulo cholumikizira. Zonse zinali m'malo mwake. Panalibe choti akonze, ndipo zimenezo n'zimene zinawapweteka kwambiri, munthu amene moyo wake wonse ankakonza yekha chilichonse chothyoka pafamu.

Anabwerera pawindo. "Mwendo uli bwanji?"

"Ukubwerera pang'ono. Koma kugunda kumodzi kokha ngati kuja, mukafika ku Texas nokha."

"Kalavaniyi tikaisiya, tikagona kuti?"

"Jolene ali ndi chipinda."

"Ndinalumbira kuti sindidzagona m'nyumba ya mkamwini."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo a Jolene. Ine ndikufuna kunyamula mdzukulu wanga. Inu mukufuna chiyani?"

A Orval anatembenukira kwa Merle. Merle analoza kuseri kwa shedi. "Ikhale uko. Palibe aigwire. Mukaifuna mudzaipeza."

A Orval anaibweza chambuyo pakati pa matayala akale ndi thalakitala yakufa. Anatsitsa mwendo wake wachitsulo, anamasula maunyolo, anazula chingwe cha magetsi. Kumbuyo kwa pikiapu kunatukuka ngati munthu wotula katundu.

"Nditengemo chiyani?" anafunsa.

"Mapiritsi anga ali pamwamba pa sinki. Kabulangete ka mwana kali pabedi. Malaya anu. Ndi diresi labuluu lija lili m'pepala lapulasitiki."

"La kutchalitchi lija? Limenelo tidzatenga pobwerera, mayi a Jolene."

"Litengeni lero. Mukudziwa ntchito yake."

M'kalavani makabati anali atatseguka, mbale zitasweka pansi. A Orval anadutsa pamapalewo osawatola. Anatuluka diresi lili pamikono iwiri, analiyala pampando wakumbuyo, naliwongola ndi chikhatho kuti lisakwinyike. Kenako anakhoma chitseko cha kalavani, napereka kiyi kwa Merle.

Atabwerera mumsewu, matayala ankagundabe, koma panalibenso chokoka kumbuyo. A Marlys anatsamira pilo, ndipo posakhalitsa anagona. A Orval anayendetsa pang'onopang'ono, malole akuwadutsa, akumvetsera mpweya wa akazi awo.