Tsamba Lothyoka la Geji

"Linali lothyoka kale kapena mwathyola ndinu?"

"Ndikanadziwa bwenzi ndikufunsa?"

"Nanga mukufunsa ndani, Mas? Ine ndine wogwira ambulera basi."

Lastri anali atakuta injini ndi ambulera, phulusa likugwera pansalu yake ngati mvula yowaza. Mwamuna wake, Darmaji, amene ankamuitana mwaulemu kuti Mas, anali atawerama m'boneti ya galimoto yakale ya apongozi ake, maso ali pa geji imene inali m'manja mwake. Geji ndi timasamba tachitsulo topyapyala, tomangidwa pamodzi ngati mpeni wopinda, toyezera kampata ka valavu, kachitseko ka mpweya m'injini. Tsamba limene ankayezera linalibe nsonga. Anapukuta podukapo ndi chala, koma chitsulo chosungidwa m'oyilo sichichita dzimbiri, ndipo bala la dzana limafanana ndi la lero.

Phiri lamoto la kumtunda kwa mudzi linali litayamba kubangula ndi kulavula phulusa sabata yapitayo. Nchifukwa chake Darmaji anaganiza zokonza galimotoyo, imene inkatsokomola pachitunda chilichonse ndi kulira ngati makina osokera. Mavalavu amafuna injini yozizira, ndiye anadikira m'mawa. Anayala zida pansalu yakale monga ankachitira apongozi ake: sipanala ya manati, sikuludiraiva, sipanala yaikulu yotembenuzira injini, choko, gasiketi yatsopano, ndi geji ija. Mwini galimoto ankamasula valavu imodzi, kuyeza, kumanga, kenako ina. Darmaji anaona kuti nkutaya nthawi, namasuliratu manati onse. Nati yomaliza itangomasuka, nsungwi yochenjezera inalira kumzikiti, kugogoda kosalekeza kotanthauza kuti aliyense atsike.

Lole ya boma inkadikira anthu kutsidya la mlatho, kusukulu. Apongozi akewo, Bambo Wiryo, sakanakhala panjinga yamoto. Sitiroko inawapha mbali yonse yamanja. Anali pampando wawo pakhonde, kansalu konyowa kali pamphuno, akuonerera.

Darmaji anathamangira pakhondepo, nagwada, nawaonetsa geji.

"Bambo, tsamba ili linali lothyoka kale?"

"Inde."

Mtima wa Darmaji unakhala pansi pang'ono, koma Lastri anakuwa ali pagalimoto pomwepo. "Afunseni mwanjira ina!"

"Bambo, linali lathunthu pamene ndimayamba?"

"Inde."

Matenda anawasiyira liwu limodzi lokhalo. Ankaliyankha kwa dokotala, kwa wogulitsa tofu, ndiwo ya soya, ngakhale kwa mphaka. Munthu yekhayo padziko amene ankaidziwa gejiyo ngati zala zake anali wokonzeka kuvomera chilichonse.

"Kwezani dzanja ngati linali lothyoka," anatero Darmaji.

Dzanja lamanzere linakwera, koma linapitirira mpaka kuloza kuphiri. Kapena kugalimoto. Zonse zinali mbali imodzi.

Njinga yamoto inaima pachipata. Anali Tarno, mnansi wawo, mkazi wake ali kumbuyo atakumbatira khola la mbalame lokutidwa ndi thaulo.

"Mas Darmaji! Galaja mwaitsegula lero? Makasitomala ake ndi ati, ziwanda za kuphiri?"

"Pita, Tarno."

"Ndikapite ndikaliuze phiri lidikire kaye? Lastri, mlongo wanga, ndikatula awa ndibwerere ndidzakutenge. Amuna akowa asiye azichita opaleshoni."

"Nanga bambo uwaika m'khola la mbalamemo?" anatero Lastri.

Tarno anasiya kuseka. Anayang'ana kumwamba, kumene mdima unali utakuta nsonga za mitengo ngakhale kunali kusanafike masana. "Kumtunda kwayamba mvula. Matope akatsika mumtsinje, mlatho autseka. Musachedwe."

Atapita, msewu unangoti zii. Nkhuku zinali zitalowa kale m'khola, zikuyesa kwada.

Darmaji anaganiza mofulumira. Ngati kansongako kanathyoka kalekale, palibe vuto. Ngati kathyoka lero, kali muinjinimu. Kakhoza kutsika ndi oyilo nkukagona pansi osavuta munthu mpaka kalekale. Kakhozanso kukodwa mu sipuling'i kapena kugwera patcheni, injini nkudzitafuna yokha pakati panjira, iwo ali ndi munthu wosayenda.

"Maginito," anatero. "Wailesi ya bambo ili kuti?"

"Mukufuna kuphwanya wailesi?"

"Gwira ambulera bwino, phulusa likulowa!"

"Manja anga ndi awiri okha, Mas, ndipo atopa!"

Anaitsegula wailesiyo ndi sikuludiraiva pamaso pa mwini wake, nazula maginito a sipika, nawamanga pawaya. Bambo Wiryo anati, "Inde," koma nkhope yawo inkanena zina. Darmaji anayendetsa maginitowo pakati pa masipuling'i, m'makona, m'timabowo tobwezera oyilo. Anatuluka atamera ubweya wakuda, chifukwa phulusa la phirilo nalonso lili ndi chitsulo. Anaupukuta pachikhatho, naufufuza ndi chala. Munalibe kanthu. Anayesa pansi, pamchenga, pansi pa galimoto. Anatola kamsomali ndi pini ya tsitsi.

"Pini yangayo ndinaifuna mwezi wathunthu," anatero Lastri. "Tsekani, Mas. Chonde."

"Mavalavu ndi omasula onse. Ndikatseka chonchi siilira nkomwe."

"Ndani anakuuzani kumasula onse?"

Darmaji anawerameranso m'boneti. Anagwira sipanala yaikulu, natembenuza injini mpaka chizindikiro cha choko chinafika pamalo pake. Analowetsa tsamba lodukalo pampata, napotoza sikulu mpaka tsambalo linayamba kukoka pang'ono ngati mpeni m'papaya wosapsa, nagwira sikulu ndi dzanja limodzi, namanga nati ndi linalo. Natiyo pomangika inakoka sikulu, mpata nkutsekeka. Anatukwana, namasula, nayambiranso. Thukuta linkasakanikirana ndi phulusa nkumulowa m'maso.

Pansi panagwedezeka. Mawindo a nyumba analira, ndipo sipanala ya manati inatsetsereka pamphepete pa boneti. Lastri anaiwakha ndi phazi isanagwere m'ngalande.

"Zatsala zingati?"

"Zochepa."

"Mumatero nthawi zonse."

Valavu iliyonse akamaliza ankailemba choko, kuopa kubwereza kapena kudumpha. Yomaliza anaimanga madontho oyamba a mvula akugwa, olemera, amatope. Anaika gasiketi, navindikira, namanga. Zida anangozikulunga m'nsalu nkuziponya kumbuyo.

Onse awiri anawanyamula Bambo Wiryo, mmodzi kumapewa wina kumiyendo, nkuwakhazika kutsogolo. Lastri anakhala kumbuyo, manja ali pamapewa a bambo ake kuti asapendekeke. Darmaji anagwira kiyi, koma dzanja linakana kupotoza.

"Bambo, ndiilize?"

"Inde."

"Mwamva," anatero Lastri. "Mwini wake wavomera."

Injini inakoka kamodzi, kawiri, nkugwira. Inalira mosalala kuposa mmene Darmaji anaimvera chikwatirire m'banjamo. Kulira kwa makina osokera kuja kunali kutatha. Lastri anaseka, misozi ikulemba mizere paphulusa la m'masaya.

Anatsika pang'onopang'ono, magetsi oyaka, mawaipa akupaka matope pagalasi m'malo mopukuta. Anadutsa minda ya kabichi yotuwa, mzikiti wopanda munthu, nsapato imodzi ya mwana pakati pamsewu. Kumunsi kunkamveka mtsinje, mkokomo wake wosakhala wamasiku onse. Mlatho unaonekera patali, ndi munthu wa jekete yowala akukupiza mbendera kuti afulumire. Kuseri kwa mlathowo kunali chitunda chachikulu chimene galimotoyi inkachiopa.

Darmaji anaponda mafuta. Pamenepo, pansi pa kulira kosalala kuja, panamveka kena. Kaphokoso kakang'ono, kouma, ngati chikhadabo pagalasi. Kanasiya. Kanabweranso.

Mwina ndi zida zikugundana m'nsalu kumbuyo. Mwina ndi timiyala ta phiri padenga. Anachotsa phazi pang'ono, kaphokosoko nkuchepa, anapondanso, nkukula. Anayang'ana apongozi ake. Mkuluyo anali atapendeketsa mutu, khutu lake labwino lili cha ku injini, maso otseka, milomo yotsekedwa zolimba.

Lastri anasendera kutsogolo, mpweya wake ukumveka pakhosi pa mwamuna wake.

"Chikulirachi nchiyani?"