Bulauzi Yanga M'khola

Mwamuna wanga Darryl amaweta shuga gilaida, kanyama konga gologolo kouluka, ndipo amazungulira nako tauni yonse ya Geelong m'kathumba pachifuwa. Kale kanali kaukhondo. Katakula, kanachita dazi pamphumi n'kuyamba kudzikhula paliponse, kununkha ngati tonde. Ine kankangondiluma.

Loweruka ndinapeza bulauzi yanga yatsopano ili m'khola mwake, yonyowa, yachikasu.

"A Darryl, ichi n'chiyani?"

"Ndimati kazolowere fungo lanu, mayi. Oweta timatero. Taonani, kakodzerapo! Ndiye kuti kakulandirani m'banja."

Ndinaitola ndi chopanira nyama.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndili m'nyumba muno," ndinatero, "mpaka ndidikire mkodzo wa khoswe kuti ndikhale wachibale?"