Bokosi la Mukwa

Tisanatsitse n'komwe bokosi pagalimoto, ba Fadili, mng'ono wawo wa atate, anatuluka m'nyumba ya maliro ku Chawama n'kukweza dzanja.

"Ichi n'chiyani, mwana wanga?"

Ndinayankha mwamwano kuti maso ali nawo. Atate anamwalira m'mamawa, ndipo ine Chabwera, kalipentala wa ku Kalingalinga, ndinakhoma bokosilo osaika kanthu kukamwa. Mukwa weniweni, osati timatabwa tapamsika. Atate anali Msilamu, ine ndinakulira kutchalitchi ndi amayi ukwati wawo utatha, ndipo zaka khumi ndi ziwiri ndinali ndisanapondeko pakhomo pawo. Bokosilo ndiko kunali kupepesa kwanga.

Ba Fadili anandiuza modekha kuti Msilamu sagona m'bokosi. Amamusambitsa, kumukulunga m'nsalu yoyera, kumupempherera, n'kumuika tsiku lomwelo, chifukwa wolemera ndi wosauka amabwerera kwa Allah mofanana.

Zinandinyansa, ndisaname. Ndinapempha kusambitsa nawo thupi, akuti pali odziwa malamulo ake. Ndinapempha tidikire mawa kuti anzanga akutchalitchi adzaimbeko, akuti swala, pemphero lawo la masana, ikangotha tinyamuka. Chilichonse ayi. Kodi ndinali mwana wa malemu kapena munthu wongodutsa m'njira?

"Manje ine nichite chani?" ndinakuwa mpaka azimayi m'nyumba anasiya kulira. "Ni batate banga aba!"

Swala itatha, ananyamula thupi. Ndinawatsata kumanda ndi bokosi langa pagalimoto, mwadala, kuti aliyense aone chimene akana.

Manda awo ndinali ndisanawaonepo. Pansi pa dzenje anakumba kamphanga cham'mbali, ndipo m'menemo anagonekamo atate, nkhope italoza ku Makka. Kenako anthu anayamba kunong'onezana. Pamafunika matabwa otseka kamphangako kuti dothi lisagwere thupi, koma matabwa amene anabweretsa anali ofumbwa, awiri anathyokera m'manja.

Ba Fadili anayang'ana galimoto, kenako ine.

"Mwana wanga, hamala uli nayo?"

Ndinakwera pagalimoto mtima udakali m'mwamba. Misomali yomwe ndinakhoma m'mawa ndinaizula umodziumodzi, anthu onse akundidikira. Nditapereka thabwa loyamba, ba Fadili sanalilandire. Anandigwira mkono n'kunditsitsira m'dzenje.

"Ika wekha. Ni batate bako."

Thabwa lomaliza linali la chivundikiro, lija ndinalipala mpaka kuwala. Ndinalitembenuza, mbali yosalala iloze kwa atate.