Madzi Opita ku Yunivesite

Iris wa Fomu 5 ku Mabvuku anali ndi funso limodzi: pa zitsime zisanu za mumsewu mwawo, n'chiti chikutsegula ana m'mimba? Mipopi inauma kalekale, aliyense ankamwa a pachitsime. Lidia, wophunzira ku yunivesite amene ankamutsogolera pa kafukufukuyu, anamupatsa timabotolo totseka bwino. Lachisanu lililonse Iris ankatunga m'mamawa, kusiya timabotoloto kukhitchini, ndipo akaweruka kusukulu ankakwera nato kombi, minibasi yopita ku yunivesite, kukayezetsa madziwo.

Masabata atatu zotsatira zinatuluka chimodzimodzi: kachilombo ngakhale kamodzi munalibe. Ndi chitsime cha a Bruno chomwe, chogundizana ndi chimbudzi, ati madzi ake oyera ngati a ubatizo!

"Iris, undiuze zoona," anatero Lidia. "Ukumafikadi kuzitsime, kapena ukuthiramo a m'shopu? Zikabweranso chonchi sabata ino, aprofesa akuchotsa pa kafukufuku."

Mawuwo anamupweteka Iris, koma chidwi chinaposa mkwiyo. Tizilomboto tinkalowera kuti pakati pa m'mawa ndi masana? Lachisanu lotsatira anapempha kuweruka msanga.

Atafika kunyumba anapeza amayi ake, Mayi Magret, munthu wosita ngakhale kansanza kopukutira mbale, atandanda timabotolo patebulo. Pa gasi kapoto kanali kubwata.

"Amayi! Mukutani?"

"Ndikuwiritsa, nanga sukuona? Usadandaule, sindisakaniza. A kwa Bruno amabwerera m'botolo la kwa Bruno."

"Komatu timafuna tione zimene zili m'madzimo!"

"Iwe ulibe manyazi? Madzi onunkha chonchi n'kukapereka kwa anthu ophunzira? Azinena kuti ku Mabvuku kumakhala anthu otani? Kuno adatitcha kale mayina okwanira."

Iris anaseka mpaka misozi, mtima uli myaa. Sanali wabodza, ndipo yunivesite yonse ndi makina ake inali itagonja kwa mayi mmodzi ndi kapoto. Anatumizira Lidia chithunzi pafoni, yankho n'kubwera pompo: "Katungenso. Awa usawasiye kukhitchini. Uwapatse moni amayi."

Kusekako kunamuumitsa kukhosi. Anatenga kapu, n'kutunga mundowa ya pakona imene banja lonse limamwamo. Kapu itafika pamlomo, anaima.

"Amayi, awanso mwawiritsa?"

Mayi Magret sanacheuke n'komwe, maso ali pa kapoto.

"Gasi wake uti? Amenewo ndi athu. Imwa."