Mzere Waufupi wa Goloboyi

Timu itagula tizipangizo toyeza osewera, woyamba kutiseka anali Chitseko, goloboyi wamkulu. Tinali timabokosi takuda, tochepa ngati sopo wotsala pang'ono kutha, ndipo tinkalowa m'kathumba kakumsana kwa kavesiti kothina kolekeza m'nthiti. Amuna a ndevu zawo anavala timavesiti timeneti m'chipinda chosinthira zovala, n'kumayang'anana mwamanyazi.

"Mkazi wanga akadzakapeza m'chikwama adzandifunsa mwini wake," anatero Chitseko, ndipo chipinda chonse chinafa nalo phwete.

Phwetelo linatha Lolemba lotsatira. Kochi anapachika kanema pakhoma pamwamba pa mabenchi, ndipo panaoneka mizere, wosewera aliyense wake, kusonyeza mtunda umene anathamanga m'bwalo. Mzere wa Njinga, wosewera pakati amene sankadziwa kutopa, unafika kumapeto kwa galasi. Wa Chitseko unali kachidutswa ngati chikhadabo.

"Akulu, kachipangizo kanu kanali kozima, kapena munagonako pang'ono?" anafunsa Njinga.

Chitseko anaseka nawo, poti nthabwala ukaziyamba wekha sukwiya zikakubwerera. Koma zinamulowa mumtima. Imvi zinali zitayamba kusuzumira m'ndevu, ndipo pabenchi panali Mphaka, goloboyi wachinyamata amene ankadumpha mogwirizana ndi dzina lake. Masewero omaliza a chikho anali atayandikira. Chitseko anachita mantha kuti kochi akamaona kamzere kaja tsiku ndi tsiku, golo adzalipereka kwa Mphaka.

Ukaipa dziwa nyimbo. Kuyambira tsiku limenelo mkuluyo anayamba kuthamanga. Mpira ukakhala kutali, iye ankachoka pamtengo uwu kupita pa winawo, kenako mpaka pambendera yapakona, n'kubwerera ali wefuwefu. Munthu amene kwa zaka zambiri ankaima pagolo ngati analipo kale bwalo lisanalimidwe, tsopano ankangoti uku zungulire, uko zungulire.

Kunyumba ankafika maondo atatupa. Mkazi wake, telala wa mayunifomu a sukulu, ankasoka pafupi ndi zenera, timadiresi tosamaliza titaunjikana pampando. Tsiku lina anaimitsa makina, n'kumuyang'ana akukulunga bondo ndi thaulo lonyowa.

"Kodi bambo, akusinthani malo? Mwasanduka womwetsa zigoli?"

"Ndikutalikitsa mzere, mayi."

"Mzere wa chiyani?"

Anamufotokozera zonse, za kanema ndi za Mphaka. Mayiwo anadula ulusi ndi mano, n'kupukusa mutu.

"Kuthamanga si kufika, bambo. Ine ndinakwatiwa ndi munthu wodekha. Uyu wa wefuwefuyu sindikumudziwa."

Chitseko sanamve. Mzere unali utayamba kukula, kuchoka pachikhadabo kufika pachala, ndipo iye ankauyang'ana monyadira ngati chimanga chake choyamba kumera.

Kutatsala masiku ochepa kuti chikho chiseweredwe, timu inagawidwa pawiri kuti iyeserere. Mpira uli pakati pa bwalo, Chitseko ananyamuka ulendo wake wa kumbendera. Njinga anadzutsa mutu, naona golo lili pululu, n'kuutumiza mpira m'mwamba. Mkulu uja anabwerera ndi liwiro limene sanaonetsepo chiyambire, koma iye ndi mpira analowa muukonde limodzi, mwendo n'kukodwa momwemo. Anyamata anagwa pansi ndi kuseka. Kochi sanaseke. Analiza wezulo n'kuloza kuofesi.

Ofesiyo inali kachipinda kodzaza matumba a mipira, konunkha mankhwala opaka m'minyewa. Chitseko anaima pakhomo, magolovesi ali m'manja, mtima uli phaphapha. Ankadziwa kuti golo lapita.

"Khalani pansi, akulu," anatero kochi, akutembenuza laputopu. "Tandiuzani, mukudwala?"

"Ayi, kochi."

"Nanga kunyumba kuli bwino?"

"Kuli bwino ndithu. Kungoti mzere wanga unafupika kwambiri, ndiye ndimati ndiuonjezereko."

Kochi anagwira pachipumi.

"Mzere wa mtunda ndi wa anyamata othamanga. Wanu sindiuyang'ana n'komwe. Kachipangizoka kamamvanso kugunda kwa mtima, ndipo kwa inu ndimaona zimenezo." Analoza pagalasi. "Apa ndi pamasewero oyamba amene munavala tizipangizoti, adani atapatsidwa penate. Onani mitima ya anzanu mmene inakwerera, ngakhale ya amene anali kutali. Tsono onani wanu. Uli ngati wa munthu amene akudikira tiyi."

Chitseko anawerama kuti aone bwino. Kamzere kake kanali kongoyenda phee, pansi pa ina yonse.

"Chimene ndimakusungirani pagolo n'chimenechi," kochi anapitiriza. "Anyamata akumbuyo akacheuka n'kukuonani muli chiimire, nawonso amakhazikika. Koma masabata awa mtima wanu ukumakhala pamwamba mpira usanafike n'komwe. Ndinada nkhawa. Ndimafuna mawa ndikutumizeni kwa dokotala, Loweruka ndiike Mphaka."

Manyazi anamugwira Chitseko mpaka m'makutu munatentha. Golo limene ankalithamangira anatsala pang'ono kulitaya chifukwa cha kuthamanga komweko. Koma pansi pa manyaziwo panali kachimwemwe, poti sankadziwa kuti kudekha kwake kuli ndi wokuona.

"Ndiye Loweruka, kochi?"

"Golo ndi lanu, mukasiya kuyendayenda ngati munthu wosochera mumsika."

Loweruka bwalo linadzaza. Chitseko anaponda pamzere wa golo lake, nawomba magolovesi, n'kukhala pomwepo. Ankangosuntha mapazi pang'ono kutsatira mpira, uku akukalipira otchinga kumbuyo ndi mawu ake okhuthala. Timu yake inagoletsa chigoli chimodzi, ndipo inachisunga mpaka nthawi itatsala pang'ono kutha.

Pamenepo womwetsa zigoli wa adani anapyola onse, n'kutsala awiriwiri ndi goloboyi. Anthu anaimirira. Mnyamatayo anapendekera kumanja kuti mkuluyo adzigwetse, koma mkuluyo sanagwe. Anapendekera kumanzere, mkuluyo osagwabe. Malo atamuthera, mnyamatayo anangomenya mothamanga, ndipo mpira unakathera pamimba pa Chitseko.

Anaukumbatira n'kugona nawo paudzu nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira, tsaya lili pansi, phokoso la anthu likumudutsa pamwamba. Pakati pa mapewa ankamva kabokosi kaja kakumukanikiza. Kanali kumva zonse za mumtima mwake, ndipo iye analibe chobisa.